ULENDO WATHU WA KU MVAI NDI DZONZI: ZA MISITU NDI MBALAME ZACHE



Mwezi uno tifuna kukusimbirani za ulendo umene tidayenda ku mapiri a kwathu konkuno ku Ntcheu. Ambiri a inu muwaona mapiriwo tsiku ndi tsiku polima m'minda mwanu, koma ngowerengeka amene adalowamo ndi mtima wofuna kudziwa zimene zikhala m'katimo. Ifenso tidatha zaka zambiri tiri kungowapenya patali. Chimene chidatinyamula ndi ichi. Tsiku lina madzulo, tiri kucheza pabwalo, mkulu wina wa m'mudzi mwathu, amene pa unyamata wache adali katswiri wofula njuchi, adafunsa ana athu a sukulu nati: "Ndani mwa inu adaonapo nkhulukulu?" Anawo adangoyang'anana, ndipo wina adayesa kuti ndi dzina la nsomba. Mkuluyo sadaseke ai. Adaweramitsa mutu, natembenukira kwa ife nati: "Aphunzitsi, kodi muwaphunzitsa chiani ana awa?" Tidasowa choyankha, pakuti ifenso tidaiona mbalameyo kotsiriza tikali anyamata. Tsono tidati mumtima: Kandimverere adakanena za m'maluwa; tiyeni tikadzionere tokha ngati ikalipo.

Njira ya kumka ku mapiri

Tidanyamuka mbandakucha sabata yoyamba ya Disembala, mvula itagwa kale, anthu atabzala. Tidatsagana ndi mkulu uja, anyamata awiri a sukulu, ndi mlonda wa nkhalango wa Boma amene tidayamba tampempha chilolezo, pakuti nkhalango yotetezedwa munthu saingolowa ngati munda wache. Kamba wathu adali mbatata yootcha ndi thobwa.

Dziko lathu la Ntcheu liri pawiri. Kum'mawa kuli chigwa chotentha cha Bwanje, chotsikira ku nyanja. Kumadzulo kuli mtandadza wa mapiri ozizira, otsata malire a dziko lathu ndi Mozambique kuchokera cha ku Dedza kufikira ku Neno ndi Mwanza. Pa mapiri omwewa mpamene ansembe atatu a chipani cha Montfort adamanga mishoni ya Nzama m'chaka cha 1901, kwa mfumu Njobvuyalema. Pa mapu mtandadzawo aulemba Kirk Range, kukumbukira John Kirk, dokotala wa ku Scotland amene adayenda ndi David Livingstone kuyambira 1858 mpaka 1863, natola masamba ndi maluwa a mitengo yathu kuwatumiza ku Ulaya. Ngakhale msuku umene ana athu adya zipatso zache uli ndi dzina lache m'mabuku a ophunzira, pakuti pa Chilatini autcha Uapaca kirkiana.

Mapiriwa ndiwo mutu wa madzi athu. Livulezi ndi Bwanje atsikira ku Nyanja ya Malawi. Rivirivi ndi Lisungwi athira m'Shire. Chifukwa cha ichi Boma la nthawi imeneyo lidapatula nkhalango za Mvai ndi Dzonzi m'chaka cha 1924, iriyonse ya mahekitala ngati 4,000, kuti zisadulidwe.

Panjira tidakomana ndi anyamata atatu ali kutsika ndi njinga zosenza matumba a makala, mawilo ali kulira ndi kulemera. Atamuona mlonda adafuna kuthawa, koma katundu adawakaniza. Mmodzi adati: "Bambo, kunyumba kulibe ufa." Mlonda adalemba zimene adayenera kulemba. Ife tidakhala chete, pakuti tidadziwa kuti m'khichini mwathu momwe muli thumba lotere.

Thengo ndi msitu

Muyenera kudziwa kuti m'mapiri mwathu muli nkhalango za mitundu iwiri. Yoyamba, imene iri yaikulu koposa, ndiyo thengo la mitengo ya tsamba, mombo, mchenga, muwanga ndi misuku. Mitengo iyi iyoyola masamba m'chilimwe, niphuka masamba ofiira mvula isanagwe. Dzuwa lilowa pakati pache, ndipo pansi pamera udzu. Yachiwiri ndiyo msitu weniweni, wosayoyola masamba chaka chonse, wamdima ndi wachinyezi, wa mitengo yaitali yokulungidwa ndi zilambe ndi ndere. Misitu yotere iri yaikulu ku Congo, kumene mvula siileka. Kwathu kuno yangotsala timagawo ting'onoting'ono pamwamba pa mapiri, m'makwawa ndi m'mphepete mwa mitsinje, ngati zilumba pakati pa nyanja ya minda.

Tidayamba kudutsa thengo. Masuku adali mbwee pansi, ndipo anyamata adadzaza matumba a malaya. Mkulu uja adatisonyeza bowa wa ndelema woyamba kutuluka, nati: "Uyu sudzampeza pamunda, ngakhale pansi pa bulugamu." Adanena zoona, ndipo ophunzira adapeza chifukwa chache. Bowa wa ndelema ndi manyame ali ndi timizu tosaoneka ndi maso timene tilukana ndi mizu ya tsamba, mchenga ndi msuku. Mtengo upatsa bowa chakudya, bowa nathandiza mtengo kukoka madzi ndi zakudya za m'nthaka. Mukadula mitengoyo, ndiwo ya amai ya m'dzinja yapita nayo pamodzi.

Dzuwa litakwera tidafika pa khwawa lina lakuya, ndipo tidatsikiramo ngati olowa m'nyumba. Kunja kudali kutentha, koma m'menemo mudali mozizira, pansi pali masamba oola onunkhira chinyezi, madzi ali kutuluka pansi pa thanthwe ndi kuyenderera pakati pa mizu ya katope ndi kanjedza. Padali mkuyu waukulu umene anthu anai sakadaukwanitsa kuuzinga ndi manja. Mkulu adatiuza kuti tikhale pansi, tileke kulankhula.

Nkhulukulu

Tidakhala nthawi yaitali, mpaka anyamata adayamba kutopa. Poyamba tidangomva mapumbwa ali kukangana pa nkhuyu, ndi mwiyo ali kuitanizana ndi mkazi wache m'zitsamba, wina kuyamba, wina kumaliza, ngati mau a mbalame imodzi. Gogomole adali kugogoda pa nthambi youma. Pamenepo kudamveka kulira kwa mau akulu okhakhala, kobwereza-bwereza, ndipo mkulu adagwira mkono wa mnyamata wamng'ono nati monong'ona: "Taona, mdzukulu wanga, uko!" Mbalame yobiriwira, ya mchira wautali ndi tsumba pamutu, idathamanga pa nthambi ngati gologolo, ndipo m'mene idatambasula mapiko kuulukira mtengo wina, mapikowo adaoneka ofiira ngati makala a moto. Mnyamatayo adangoti kukamwa yasaa. "Agogo, ndi imeneyo?" "Ndi imeneyo."

Zidali ziwiri zokha. Mkulu adati kale pa mkuyu umodzi wotere zinkasonkhana zambiri, ndi kuti nthenga zache zofiira zidali za ulemu, zobvala mafumu. Ophunzira adapima kufiira kumeneko napeza kuti muli mkuwa, wochokera m'zipatso zimene mbalameyo idya. Adapezanso kuti nkhulukulu zobiriwira za m'dziko lathu ziri za mitundu iwiri, yosiyana pa kutalika kwa tsumba ndi pa kaliridwe: ya tsumba lalitali ikhala kumpoto ndi pakati, ina ikhala m'mapiri a kumwera, ndipo iyi adaitcha dzina la Livingstone.

Koma ubwino wa nkhulukulu suli m'nthenga mokha. Iyo imeza zipatso zathunthu, nikataya njere kutali ndi mtengo umene idadyapo. Chimodzimodzi mapumbwa, ndi mileme ya zipatso imene iuluka usiku. Ku Kasanka, m'dziko la Zambia, mileme yotere isonkhana mamiliyoni kuyambira Okutobala mpaka Disembala kudzadya masuku ndi zipatso zina, nimwaza mbeu m'dziko lonselo. Msitu suubzala munthu. Aubzala ndi amenewa. Tsono mbalame zikatha msitu suberekanso, ndipo msitu ukatha mbalame zisowa pokhala: chimodzi chigwira chinzache.

Mnyamata wina adang'amba nkhuyu napezamo tizilombo, naitaya, nanena mwambi uja wa chikomekome cha mkuyu. Tidamuuza chimene tidawerenga: tizilombo tina ta m'nkhuyu ndi timavu tating'onong'ono timene tilowa m'chipatso kukaikira mazira, ndipo polowa titenga ufa wa maluwa a mkuyu wina. Popanda timavuto nkhuyu sizikhala ndi mbeu yomera, ndipo mtundu uliwonse wa mkuyu kapena kachere uli ndi kamavu kachekache. Chimene tichiyesa chilema cha chipatso ndicho moyo wa mtengo.

Anthu amene adawerenga mbalame zathu

Kapena mudzafunsa kuti: Zonsezi adazidziwa bwanji? Yankho ndi lakuti padali anthu amene adapereka moyo wao ku nchito ya kumvetsera ndi kulemba. Charles Belcher, woweruza milandu, adasindikiza buku la mbalame za Nyasaland m'chaka cha 1930. Pambuyo pache padadza C. W. Benson, amene adafika kuno m'chaka cha 1932 pa nchito ya Boma, nayenda m'maboma ambiri. Iye adatulutsa mndandanda wa mbalame zathu mu 1953, ndi buku lina pamodzi ndi mkazi wache mu 1977.

Koma pali dzina limene tifuna kuti ana athu alisunge, ndilo Jali Makawa, Mlomwe wobadwira ku Mozambique, amene adagwira nchito ndi Benson zaka zambiri. Munthu uyu adali ndi maso ndi makutu oposa a ophunzira: ankazindikira mbalame ndi kulira kwache kokha, ankadziwa kuiyeseza mpaka ibwere pafupi, ndipo ankaona msanga ngati iri yachilendo. Adayenda ndi Benson kufikira ku zilumba za Comoros mu 1958, ndipo mbalame ina ya m'misitu ya kumwera kwa dziko lathu iri ndi dzina lache m'mabuku mpaka lero. Taonani, nzeru za kumudzi zimene ana athu azinyoza, anthu a ku Ulaya adazilemekeza.

Pambuyo pache Françoise Dowsett-Lemaire ndi mwamuna wache Robert Dowsett adakhala pa Nyika kuyambira 1979, akugwira mbalame ndi maukonde osapweteka, kuziveka timphete ta nambala kumwendo ndi kuzimasula. Ndipo m'zaka za 1983 ndi 1984 maiyo adayendera misitu ya m'dziko lonse, phiri ndi phiri, akujambula mau a mbalame. Buku lao la 2006 liwerenga mitundu ya mbalame ngati 650 m'Malawi muno.

Mwa zimene adapeza, ziwiri zitikhudza ife. Choyamba: msitu ukachepa, kapena ukatalikirana ndi unzache, mitundu ya mbalame zokhalamo ichepanso, pakuti zambiri za mumsitu ziopa kudutsa poyera. Chachiwiri: mbalame zina za pamwamba pa mapiri zitsika m'nyengo yachisanu kukakhala m'misitu ya m'munsi, nizibwerera kukaswa mvula ikayandikira. Imodzi ya izo ndi kambalame ka pamimba pachikasu, kokhala ndi kadontho koyera pamwamba pa diso ndi pakhosi, kamene pa Chilatini akatcha stellata, ndiko kuti ka nyenyezi. Chotero sikukwanira kusunga nsonga ya phiri. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje wa kumudzi kwanu ndiyo njira yache ndi nyumba yache ya m'chisanu.

Nsadzu

Tsiku lachiwiri tidalunjika cha ku Dzonzi, kumene kuli minda ya mitengo ya paini yobzala Boma pamodzi ndi thengo lachibadwidwe. M'mapaini mudali zii, ngati m'nyumba yosiyidwa. Koma titangotulukira m'thengo, kambalame kotuwa kadayamba kulongolola pamwamba pathu, kuuluka pang'ono, kutera, ndi kulongololanso. Nkhope ya mkulu idasintha, naoneka ngati mnyamata. "Nsadzu iyo! Yandizindikira." Adaiyankha ndi likhweru, ndipo tidaitsata kufikira pa mtengo wa mphako umene njuchi zidali kulowamo. Sitidafule, pakuti mlonda adali pomwepo, ndiponso sitidafune kugwetsa mtengo. Mkulu adadandaula kuti tainyenga mbalameyo, pakuti mwambo ndi wakuti uisiyire zisa.

Nkhani ya nsadzu njakale m'mabuku. Wansembe wa chipani cha Dominiko, João dos Santos, amene adakhala ku Sofala kuyambira 1586, adalemba za kambalame kolowa m'tchalitchi kudzadya phula la makandulo. Pakuti nsadzu ndi imodzi mwa mbalame zochepa zokhoza kugaya phula. Pa Chilatini aitcha Indicator, ndiko kuti wolozera. M'chaka cha 2016 Claire Spottiswoode ndi anzache adafalitsa zimene adapeza pakati pa Ayao ofula njuchi ku Niassa, m'dziko la Mozambique. Ayaowo ali ndi kuitana kwao kwapadera. Ndipo poyesa adaona kuti kuitanako kukamveka, nsadzu idza kudzatsogolera maulendo 66 mwa 100, pamene ndi phokoso wamba idza maulendo osapitirira 33, ndipo mwai wakupeza njuchi ukula katatu. Ndiye kuti mbalame ya m'thengo, yosawetedwa, imva chinenero cha anthu a dziko lache. Koma pangano ili likhala pokhapo pamene pali anthu odziwa kuyankha. Anyamata athu awiri sadadziwe likhwerulo. Mkulu adawaphunzitsa tsiku lomwelo.

Alendo ochokera kutali

Madzulo tidaona anamzeze ali kuuluka pamwamba pa dambo. Ena mwa iwo ndi a konkuno, koma ambiri amene tiwaona m'dzinja aswera ku Ulaya ndi ku Asia, nafika kuno cha mu Okutobala, nabwerera cha mu Epulo. Ichi chidatsimikizika ndi timphete tija: namzeze wina wovekedwa mphete ku England mu 1911 adapezeka ku Natal, ku South Africa, mu Disembala 1912. Kutada lumbe adadutsa, nthenga zache ziwiri zazitali ziri kukupiza pambuyo. Iyenso ndi wapaulendo, pakuti aswera kuno, ndipo akatha amka ku maiko a kumpoto kwathu, pakati pa Africa. Tsono mnyamata wa legeni akagenda mbalame pa dambo la kwao, kapena wapha mlendo amene adaoloka nyanja ndi chipululu kudzadya udzudzu ndi tizilombo ta m'munda mwa atate ache.

Usiku kadzidzi adalira pafupi ndi msasa wathu, ndipo mnyamata wamng'ono adadzifunditsa kumutu. Tikudziwa zimene anthu anena za mbalame iyi. Koma ophunzira atola timibulu ta ubweya ndi mafupa timene kadzidzi alavula pansi pa mtengo wache, natiphwanya kuti aone chimene adadya, ndipo chimene achipeza kawirikawiri ndi mafupa a makoswe ndi mbewa. Amene apha kadzidzi achotsa mlonda wa nkhokwe yache. Nang'omba sitidammve konse. Mkulu adati kale kulira kwache kunkawadzutsa m'mamawa. Mbalame iyi ifuna mphako ya mtengo waukulu kuti iswere, ilera mwana mmodzi yekha, ndipo papita zaka isanalerenso wina. Chotero ikachoka pamalo siibwerera msanga.

Madzi a Mpira

Pobwerera tidadzera ku damu la Mpira, limene lidamangidwa kuti madzi a m'nkhalango ya Mvai atsike m'mipope kufikira ku midzi ya Ntcheu ndi ku Balaka. Ambiri a inu mukumbukira chaka cha 2018, pamene damuli lidaphwa, mipope niuma, ndipo amai a ku Balaka adali kulawira usiku kukafuna madzi, ena kumwa a m'zithaphwi. Mvula idachepa, inde. Koma titaima pamenepo tidaona ndi maso athu zitsa pa mapiri ozungulira, maenje ootcheramo makala, ndi minda yokwera mpaka pamene sipayenera khasu.

Mlonda adatifotokozera kayendedwe kache. Pamene pali mitengo, mvula igwa pa masamba, nitsika pang'onopang'ono, nilowa m'nthaka yofewa ndi zinyalala, ndipo ituluka pa akasupe miyezi yonse ya chilimwe. Pamene pali poyera, madzi athamanga tsiku limodzi, nakokolola dothi kukalitaya m'damu. Damu lidzala matope, ndipo Seputembala akafika mtsinje wauma. Madzi akatayika saoleka.

Tisayese kuti msitu sungathe chifukwa udalembedwa m'buku la Boma. Msitu wa pa phiri la Ndirande ku Blantyre udatha m'zaka za m'ma 1990, ndipo wa pa phiri la Thyolo, kumene kudapezeka koyamba mbalame yosowa yotchedwa ndi dzina la phirilo, udadulidwa pafupifupi wonse zaka zochepa pambuyo pache. Mbalameyo yatsala m'misitu yowerengeka, monga ya ku Mulanje ndi ya pa phiri la Mabu ku Mozambique. Msitu wa Mabu ophunzira adauzindikira mu 2005 popenya zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, naupita gulu lalikulu mu 2008, napezamo zamoyo zimene zidali zisadalembedwe m'buku lirilonse. Koma anthu a kumeneko adaudziwa ndi kuusunga kuyambira kale.

Mlandu wathu

Pano tiyenera kuulula chathu. Kunsi kwa mudzi wathu kuli kamtsinje kumene tiri ndi dimba. Zaka zapitazo, pofuna ndalama za sukulu ya ana, tidakulitsa dimbalo kufikira pamadzi penipeni, ndipo tidagwetsa mikuyu iwiri ndi akatope amene adali kuchita mthunzi pa kabichi. Kabichiyo tidakagulitsa ku Lizulu, ndalama tidalipira, ndipo tidadziyesa ochenjera. Anansi athu ataona adachita chimodzimodzi. Lero kamtsinjeko kaphwa chilimwe chisanafike pakati, gombe lache lagumuka ndi kudya mizere itatu ya dimba lomwelo, ndipo amai a kunyumba kwathu ayenda mtunda wautali ndi ndowa pamutu. Pa mikuyu imene ija mpamene ife tidaona nkhulukulu tikali ana. Tsono funso la mkulu uja lidali ndi yankho lache: ana sadziwa nkhulukulu chifukwa mphunzitsi wao adadula mtengo wache.

Sitinena ichi kuti tiweruze mnyamata wa njinga ya makala. Njala njoona, ndipo fetereza ndi sopo sizigulidwa ndi nyimbo za mbalame. Amene aotcha makala ndi amene awagula ali pa mlandu umodzi. Lamulo la nkhalango la 1997, limene lidakhwimitsidwa mu 2020, lilanga ootcha makala popanda chilolezo. Koma lamulo lomwelo lipatsa midzi mphamvu ya kukhala ndi nkhalango yaoyao, ndi kupangana ndi Boma za kasamalidwe ka nkhalango zotetezedwa kudzera m'makomiti a m'midzi. Mlonda mmodzi sangalonde phiri. Mutu umodzi susenza denga.

Zimene banja lingachite

Tidakambirana zimenezi panjira, ndipo tiziika pano monga tidazimvana.

Choyamba, tisiye mpata wosalima m'mbali mwa mtsinje ndi pozungulira kasupe, ndipo tibzalepo katope, mkuyu, mbawa ndi nsungwi. Nyengo yobzala mitengo iyamba mu Disembala mpaka Epulo, koma wobzala msanga ndiye apulumutsa mbande zache.

Chachiwiri, tisazule zitsa za tsamba, mchenga ndi msuku. Mitengo iyi iphukanso pa chitsa ndi pa mizu, ndipo mphukira yotere ikula msanga koposa mbande ya m'chubu. Tisankhe mphukira ziwiri zamphamvu, tidule zinazo, titchinjirize ku mbuzi.

Chachitatu, tileke kutentha thengo m'chilimwe chifukwa cha mbewa. Ku Ndola, m'dziko la Zambia, adayesa ichi kuyambira 1933 pa zigawo zoyandikana: chigawo chotenthedwa chaka ndi chaka udzu utaumitsitsa chidataya mitengo yache yaikulu, pamene chotenthedwa msanga, udzu ukali ndi chinyezi, chidakhalabe nkhalango. Moto wa mu Okutobala upsereza mphukira, zisa ndi mazira.

Chachinai, amai ayese mbaula zadothi zosatha nkhuni, ndipo banja lirilonse likhale ndi mitengo yache ya nkhuni m'malire a munda. Ofuna uchi apachike ming'oma ya matabwa, pakuti wosenda khungwa kuti apange mng'oma wapha mtengo umene njuchi zikadadyapo.

Chachisanu, tilemekeze misitu ya kumanda. M'midzi yambiri ndiyo yokha yasunga mitengo ya makolo, ndipo mbeu za mitengo imene yasowa kwina zidzachokera kumeneko.

Chotsiriza, ndipo ichi sichifuna ndalama: agogo aphunzitse adzukulu maina. Mwana wodziwa nthengu, songwe, timba, nantchengwa ndi mkuta, wodziwa kulira kwache ndi nyengo yache, sagenda mwachisawawa. Aphunzitsi akhale ndi kabuku kolembamo mbalame zooneka pamudzi mwezi ndi mwezi. Umo ndimo adayambira onse amene tawatchula aja. Bungwe losamala nyama ndi zachilengedwe la m'dziko lathu, limene lidayamba mu 1947, lakhala likuthandiza magulu otere m'masukulu. Timba sachepa ndi mazira ache. Nchito yaing'ono ya mudzi umodzi iri ndi malo ache.

Tidafika kumudzi tsiku lachitatu dzuwa liri kulowa, miyendo itatupa. Mnyamata wamng'ono adathamanga kukauza anzache, ndipo tidamumva ali kuyeseza kulira kwa nkhulukulu kuseri kwa nkhokwe, anzache ali kumseka. M'mawa mwache tidapita kudimba ndi chingwe, tidabweza malire mapazi 20 kuchokera pamadzi, ndipo tidazika nthambi zitatu za kachere ndi mbande za katope. Amai a kunyumba adatifunsa ngati kabichi wotsalayo adzakwanira. Tidawayankha zoona, kuti chaka chino adzachepa. Mkulu uja adabwera ndi ndodo yache, nayang'ana nthambizo nthawi yaitali, nati: "Ine sindidzakhala pansi pa mthunzi uwu, aphunzitsi, koma muzithirira."

Amene mwa inu aonapo nkhulukulu, nang'omba kapena nsadzu pafupi ndi mudzi wao, atiuze malo ndi mwezi, kuti tizilembe m'kabuku kathu. Tsalani bwino nonse, ndipo mupalire msanga udzu usadakule.